CBR600F yanga ikulemera m'makona: ndichotse chiyani kuti ipepuke?

Funso: Ndili ndi njinga yamoto ya Honda CBR600F ya 1996, ndinagula kwa munthu amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Injini ili bwinobwino, koma m'makona njingayi imalemera kwambiri, moti potsika Thabwa kupita ku Chikwawa ndimachita kulimbana nayo. Anzanga akuti ndichotse mapulasitiki onse, ndidule ekizosi, ndiboole madisiki a mabuleki ndi zitsulo zina kuti ipepuke. Ndiyambire pati? Wowerenga wa ku Chilomoni.

Achimwene, chiboolerocho chibwezereni kaye m'bokosi. Njinga yanuyo ingathe ndithu kupepuka, ndipo ndikuuzani pochotsa, koma kulemera kumene munthu amakumva m'mikono pa njinga ya zaka zoterezi kawirikawiri sikuchokera ku makilogalamu. CBR600F ya 1996, imene ambiri amaitchula kuti F3, inatuluka kufakitale ikulemera pafupifupi makilogalamu 185 yopanda mafuta, ndipo masiku amenewo inkatamandidwa kuti ndi njinga yomvera, yosavuta kukhotetsa. Chitsulo chake sichinawonjezeke kuchokera nthawi imeneyo. Zimene zakalamba ndi matayala, mabelingi, oyilo wa m'mafoloko ndi shoko yakumbuyo. Zimenezi zikatha, njinga imakana kugona pakona ngakhale mutaivula chilichonse.

Tiwerengere limodzi. Ikamwa petulo, oyilo ndi madzi, njingayo imapitirira makilogalamu 200, tinene 205. Inuyo mutavala chisoti, jekete ndi nsapato tinene 75. Zonse pamodzi ndi 280. Mukalimbikira n'kuchotsa makilogalamu 10, mwachotsa zosakwana 4 pa 100 alionse. A Honda eniake, pofuna kuti njinga yotsatira, ya F4 ya 1999, ipepuke ndi makilogalamu pafupifupi 15, anachita kusiya fulemu yachitsulo n'kupanga ya aluminiyamu, injini nayonso n'kuikonza mwatsopano. Ndiye musayembekezere kuti macheka ndi chiboolero akupatsani zimene fakitale inapeza ndi njinga yatsopano. Makilogalamu 8 mpaka 10 ndi amene angachoke popanda kuwononga kanthu, ndipo phindu lake limadalira kwambiri malo amene achokera.

Yambani ndi matayala, chifukwa pamenepa ndi pamene ambiri amapezera yankho lawo lonse. Kuno ku Blantyre njinga imathera nthawi yambiri itaimirira chilili: mu Chipembere Highway, msewu wa ku Chileka, wa ku Lunzu mpaka Zalewa. Tayala lakumbuyo limadyeka pakati n'kukhala lafulati, ndipo m'mbali mwa fulatimo mumatsala kakhonde. Mukafuna kugoneka njinga, imayenera kukwera kaye kakhondeko, ndiye imakana, kenako ikadutsa imagwera mkati mwadzidzidzi n'kukudzidzimutsani. Khalani pansi kumbuyo kwa njingayo muyang'ane tayala molunjika. Ngati silikuoneka lobulungira bwino kuchokera mbali ina kufika ina, mwapeza wolakwa woyamba. Lakutsogolo lisisiteni ndi dzanja, mumve ngati lili ndi timapiri ndi timaenje.

Onaninso kukula kwake. Njinga imeneyi inapangidwira tayala la 120/60-17 kutsogolo ndi 160/60-17 kumbuyo. Ambiri amakakamiza la 180 kumbuyo poti limaoneka laulemu munthu akaliona kumbuyo. Tayala lalikulu chotero pa limu yopapatiza limapanikizika n'kutaya maonekedwe ake, limalemera kuposa loyenera, ndipo limachedwetsa njinga kukhota. Ngati munaigula ili ndi 180, bwererani ku 160; mudzakhala mutachotsa kulemera komanso kukonza kakhotedwe ndi ndalama imodzimodziyo. Mpweya ukhale 36 psi kutsogolo ndi 42 psi kumbuyo, woyezedwa m'mawa matayala asanatenthe, ndipo mugule geji yanuyanu, chifukwa kumenya tayala ndi nsapato sikuuza munthu kanthu. Tayala lakutsogolo likangotsika kufika m'ma 25 psi, mahandulo amalemera ngati wina akuwagwira. Pambali pa tayala palinso manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2316, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2016. Matayala akaunjika ambiri amaoneka kuti mizere ikadalipo, koma labala anauma kalekale, ndipo labala wouma sagwira phula, makamaka kukagwa kamvula ka chiperoni.

Mukatha matayala, pitani pakhosi pa njinga, pamene mafoloko amalumikizana ndi fulemu. Ikwezeni kuti tayala lakutsogolo lisagunde pansi, wina aigwirire, ndipo mutembenuze mahandulo pang'onopang'ono ndi chala chimodzi kuchokera kumanzere kufika kumanja. Akuyenera kuyenda myaa osakodwa. Akamakodwa pakati penipeni, ngati akugwera m'kadzenje, mabelingi a pakhosi anadindika. Mahampu ndi maenje a m'misewu yathu ndi amene amawadinda, ndipo madzi a mphamvu a kotsukira magalimoto amatsukulutsa girizi yense. Njinga ya mabelingi oterewa imafuna kungoyenda molunjika, ndipo m'kona imayenda mokhotakhota ngati ikulemba ngodya. Mabelingi amenewa ndi otsika mtengo poyerekeza ndi chilichonse chopepuka chimene mungaitanitse kunja. Tayala lakutsogolo lili m'mwamba chomwecho, lizungulitseni. Likaima msanga, mabuleki akugwira okha. Masulani makalipa, zopanira zimene zimafinya disiki ya buleki, mutsuke mapisitoni ake, muthire buleki fuluwidi watsopano wa DOT 4. Kumbuyo nakonso gwedezani tayala cham'mbali kuti mumve ngati mabelingi a swingarm, chitsulo chogwira tayala lakumbuyo, ali ndi mpata.

Za mafoloko ndi shoko ndiyenera kuchedwapo, chifukwa ndi zimene eni njinga ambiri sanazigwirepo chigulireni. Oyilo wa m'mafoloko amatha mphamvu. Amene amatuluka mu njinga zambiri za m'ma 1990 amakhala wotuwa, wonunkha, wamadzimadzi, ndipo sagwiranso ntchito yake yoletsa sipuling'i kudumphadumpha. Mukamanga buleki potsetsereka, mphuno imamira zii, mukasiya imadzuka mwamphamvu n'kukutayirani kunja kwa kona. Shoko yakumbuyo ikatopa imakhala pansi. Kumbuyo kukatsika, mafoloko amapendekera kutsogolo kuposa mmene anawapangira, ndipo njinga yotere imakhazikika pamsewu wowongoka koma imauma khosi pakona. Munthu amati njinga ikulemera, pamene yangokhala pansi ndi thako.

Kuyeza kwake n'kosavuta, kumangofuna tepi ndi anzanu awiri. Kwezani kumbuyo mpaka tayala lisasenze kanthu, muyeze kuchokera pa ekiselo kufika pamalo amodzi a chimchira amene mwaikapo chizindikiro. Kenako khalani panjingayo mutavala zonse zimene mumavala poyenda, mapazi ali pamapegi, mnzanu akuigwirira, wina ayezenso. Kusiyana kwa miyezo iwiriyi, kumene amakanika amati sag, kukhale pakati pa mamilimita 30 ndi 35 pa njinga yoyenda mumsewu wamba. Chitani chimodzimodzi kutsogolo. Mukapeza 50 kapena kuposa, mangani preload, chomangira chimene chimapanikiza sipuling'i. Ngati mwamanga mpaka kumapeto koma sizikufika, sipuling'i inatha kapena ndi yofewa kwa thupi lanu. Shoko yodontha oyilo palibe chokambirana, imafuna kukonzedwa kapena kusinthidwa. Ndalama zimene mumafuna kugulira ekizosi zikapita ku shoko yabwino, mudzamva kusintha kwakukulu kuposa chilichonse chimene ndilembe m'munsimu.

Zonsezi zikakhala m'malo, tsopano tingakambe za makilogalamu. Iyezeni kaye njingayo. Sikelo wamba yoyezera anthu imakwanira: ikani tayala limodzi pasikelo, linalo pathabwa lofanana nayo msinkhu, muwerenge, musinthanitse, muphatikize. Thanki ikhale yodzaza nthawi zonse mukamayeza, kuti manambala asakunamizeni. Chilichonse chimene mwachotsa muchiyeze n'kulemba m'kabuku.

Kilogalamu imodzi silemera mofanana paliponse. Aliyense amene anayendapo m'munda mvula itagwa akudziwa kuti matope omata kunsapato amatopetsa kuposa matope omwewo atakhala m'thumba kumsana, chifukwa mwendo umayenera kuwanyamula ndi kuwaimitsa pa sitepe iliyonse. Ndi mmenenso zilili ndi zonse zimene zili pansi pa masipuling'i: malimu, matayala, madisiki, makalipa, sipuroketi yakumbuyo ndi gawo la tcheni. Tayala likagunda bampu limaponyedwa m'mwamba, ndipo sipuling'i imayenera kulibweza pansi msanga. Likakhala lolemera limachedwa kubwerera, ndipo pa kamphindi kameneko njinga siikugwira msewu. Kuwonjezera apo, zinthu zimenezi zimazungulira, ndipo chinthu chozungulira chimakana kupendekeka. Tengani wilo la njinga yakapalasa, muligwire pa ekiselo ndi manja awiri, wina alizungulitse mwamphamvu, ndiye muyese kulipendeketsa. Mphamvu imene ikulimbana ndi manja anuyo ndi imene mumalimbana nayo pa Thabwa, ndipo imakula liwiro likamakwera, komanso kulemerako kukakhala kutali ndi pakati pa wilo. N'chifukwa chake tayala lenilenilo, lomwe lili kunja kwenikweni, lili ndi mawu kuposa bawuti iliyonse.

Pambuyo pa zozungulira pamabwera zimene zili m'mwamba kapena kutali ndi pakati pa njinga: chimchira, ekizosi, chikwama chakumsana, bokosi lonyamulira katundu. Zimene zili pansi pafupi ndi injini ndi zomaliza. Tadao Baba, injiniya wa Honda amene anatsogolera kupanga CBR900RR Fireblade ya 1992, anatulutsa njinga ya 893 cc yolemera pafupifupi mofanana ndi ya 600, yopepuka ndi makilogalamu oposa 20 poyerekeza ndi zikuluzikulu zinzake za nthawi imeneyo, ndipo anachita zimenezi popeputsa chinthu chilichonse kuyambira pojambula, n'kusonkhanitsa zolemera pakati. Maganizo omwewo ndi amene muyenera kutsatira pa mlingo wanu waung'ono.

Tcheni ndi malo abwino oyambira, bola chimene chilipocho chikhale kuti chatha kale. Njinga za 600 za zaka zimenezo zinkabwera ndi tcheni cha 530 kapena 525. Nambala 5 ikutanthauza kutalikirana kwa mapini, komwe ndi mamilimita 15.875 pa onsewa. Kusiyana kuli m'lifupi. Cha 530 mkati mwake ndi pafupifupi mamilimita 9.5, cha 520 ndi 6.35. Mukasintha n'kuika cha 520 pamodzi ndi masipuroketi ake onse awiri, mumachotsa pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo yonseyo ndi yozungulira. Koma chikhale cha X-ring kapena O-ring, chokhala ndi timalabala tosunga girizi mkati, cha kampani yodziwika ngati DID, RK kapena EK, cholembedwa kuti chimapirira njinga ya 600. Chilipo cha 520 chopangidwira njinga zing'onozing'ono, ndipo injini ya mahatchi pafupifupi 100 ingachidule. Tcheni chikaduka pa liwiro chimaswa injini kapena kukola tayala lakumbuyo. Sipuroketi ya aluminiyamu ndi yopepuka zedi, koma fumbi lathu la mu September ndi October likasakanikirana ndi oyilo wa tcheni limaidya msanga. Ine pamsewu wa kuno ndimasankha yachitsulo ya 520: mumataya magalamu ochepa, mumapindula miyezi yambiri.

Malimu opepuka ndiwo amasintha njinga kuposa china chilichonse, zimenezo n'zoona. Alipo a aluminiyamu wosula a Marchesini ndi OZ a ku Italy, alipo a kaboni a BST opangidwa ku Johannesburg. Koma mtengo wake, kuphatikiza msonkho ndi vuto la ndalama zakunja, ungathe kufika pa mtengo wa njinga yanu yonse, ndipo kupeza oyenera njinga ya 1996 n'kovuta. Chimene ndikukanizani kwamtuwagalu ndi malimu akale a maginiziyamu ochokera pa njinga za mpikisano. Maginiziyamu amadyeka mkati akamakalamba ndipo amang'aluka mosachenjeza. Anapangidwira bwalo losalala, osati dzenje lobisika ndi madzi a mvula pa Zingwangwa kapena pa Chirimba. Malimu anu a fakitale, ngati sanapindike, akhale.

Ekizosi ndi imene imapereka makilogalamu ambiri pa kamodzi. Chimbiya chakumapeto cha fakitale ndi chachitsulo chokhuthala, chili kumbuyo komanso kumbali, ndipo chopepuka cha aluminiyamu kapena chitsulo chosachita dzimbiri chingakuchotsereni makilogalamu 3 kapena 4. Kugula chopangidwira njingayo n'kosiyana ndi kudula chimene chilipo. Mukadula kapena kuchikolowola mkati, mphamvu ya pakati, yomwe ndi imene mumatulukira nayo m'kona, imasowa, ndipo phokoso lake limadzutsa makanda mu Chilomoni monse n'kukuitanirani apolisi apamsewu. Chinanso, njinga yanu ndi ya makabuleta anayi, ilibe kompyuta yodzikonzera yokha. Ekizosi ikatseguka, mpweya umachuluka kuposa petulo, ndipo majeti, timabowo tolowetsa petulo m'makabuleta, amafunika kusinthidwa. Apa malo amene mumayenda ali ndi mbali yake. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mukatsika Thabwa n'kufika pa mlatho wa Kamuzu pa Shire mwatsika mamita mazana angapo, kumene mpweya ndi wothinana kwambiri. Injini imene ikulandira petulo wopereŵera kuno kumtunda imapereŵedwa koposa kuchigwa, komwenso n'kotentha. Zizindikiro zake ndi kuphulikaphulika mukabweza mafuta, kutentha msanga ndi mapulagi oyera mbuu. Pezani makanika amene amadziwa makabuleta anayi ndipo ali ndi chida chowalinganizira. Bokosi la mpweya lisachotsedwe n'komwe: F3 ili ndi mapaipi okoka mpweya kuchokera kutsogolo omwe amagwira ntchito limodzi ndi makabuleta, ndipo timafyuluta tapoyera m'fumbi lathu timangofupikitsa moyo wa injini.

Batire la mtovu la njinga yotere limalemera pafupifupi makilogalamu 3, pamene la lithiamu la mtundu wa LiFePO4 silifika ndi imodzi yomwe. Makilogalamu 2 amenewo amachoka pansi pa mpando, pamalo okwera ndithu, popanda kudula kanthu. Musanagule, ikani mita pa batire injini ikulira cha m'ma 5,000 rpm. Iwerenge pakati pa 13.5 ndi 14.5 V. Njinga za Honda za m'ma 1990 zimadziwika ndi kufa kwa regulator, yomwe imaletsa magetsi otchaja batire kupitirira mlingo, ndipo ikamatulutsa 15 V kapena kuposa, batire la lithiamu limawonongeka, mwinanso kutupa ndi kutentha pansi panu pomwepo. Konzani kaye kachajidwe. Lithiamu sagwirizananso ndi tchaja ya mabatire agalimoto imene imakhala m'magalaja ambiri.

Pali makilogalamu ena aulere. Lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 750, ndipo thanki yanu ya malita 17 ikadzaza yasenza makilogalamu oposa 12, pamwamba penipeni pa njinga. Kuyenda ndi theka kumachotsa oposa 6, kuposa ekizosi ndi batire kuphatikiza. Ndikudziwa kuti masiku amene mafuta akusowa, munthu ukafika pa pampu utaima pamzere kuyambira m'mawa umadzaza mpaka pakamwa, ndipo sindingakudzudzuleni. Koma tsiku limene mafuta alipo yesani makona omwewo ndi thanki yodzaza kenako ndi theka, mumve m'thupi mwanu chimene makilogalamu 6 am'mwamba amachita. Zikuthandizani kuona ngati kuli koyenera kuwonongera ndalama pa enawo. Chikwama chodzaza masipanala ndi chitcheni chokhomera njinga nazonso zisakhale kumsana tsiku lokasewera m'makona.

Tinthu tina tonse n'tapang'ono. Sitandi yapakati, ngati yanu ili nayo, ndi makilogalamu ngati 2, koma ili pansi pomwe siivutitsa, ndipo imakuthandizani pothira oyilo patcheni ndi pomata tayala kutali ndi tauni. Mapegi a wokwera kumbuyo ndi chogwirira chake chotsani pokhapokha ngati simunyamula munthu. Madigadi akumbuyo mukawafupikitsa mudzawakumbuka kuyambira December mpaka March. Mabawuti a aluminiyamu amapulumutsa magalamu, ndipo malo ake ndi pa mapulasitiki basi, osati pa mabuleki, mafoloko, shoko kapena pogwira injini. Mapulasitikiwo, amene anzanu akuti muchotse, si olemera monga amaonekera, amalondolera mpweya ku rediyeta, amakutchingirani mphepo, ndipo mukawachotsa mudzafunika kuwotcherera zitsulo zatsopano zogwira nyali ndi mamita, zomwe zimabweza theka la zimene mwachotsa.

Tsono za kuboola. Madisiki musawaboole, musawapale. Disiki imaimitsa njinga pomeza kutentha, ndipo chitsulo chikachepa kutentha kumasowa kopita. Mabowo a kufakitale anawerengedwa malo ake. A pamanja amayambitsa ming'alu. Malo amene disiki yofooka imaonekera ndi otsetsereka aatali ngati omwe mumakondawo, pamene mwamanga buleki kona ndi kona, kutsogolo kuli lole yokwawa, m'mbali muli njinga zakapalasa zosenza makala ndi mbuzi zodumpha msewu. Pa disiki iliyonse panalembedwa MIN TH ndi nambala, yosonyeza kukhuthala kochepetsetsa kololedwa. Ikapyapyala kuposa pamenepo isintheni. Fulemu, swingarm, maekiselo, zogwira mafoloko ndi zogwira makalipa nazonso zisaone chiboolero. Amisiri athu owotcherera a ku Ndirande ndi ku Limbe ali ndi luso lenileni ndipo angakupangireni bwino zogwirira ekizosi kapena nambala, koma zitsulo zosenza moyo wanu zisiyeni mmene zinabwerera. Fani ya rediyeta ikhale, chifukwa mzere wa magalimoto pa Ginnery Corner masana a mu October ungaphike injini. Tizitsulo ta kumapeto kwa mahandulo timaletsa kunjenjemera, tisiyeni. Magalasi, maindiketa, hutala ndi nambala ndi zalamulo, ndipo ndi zimene zimachititsa kuti wa minibasi akuoneni.

Ndionjeze chimodzi chokhudza manja anu, ndipo ndikunena mwaulemu. Njinga yamoto ikathamanga siikhota chifukwa chopendekera thupi lokha. Pofuna kupita kumanzere mumakankha handulo yakumanzere kutsogolo, pofuna kumanja yakumanja. Potsetsereka thupi limatsamira pa mahandulo, mikono imawongoka n'kuuma, ndipo dzanja lina limakankha pamene linalo likukaniza. Panani thanki ndi mawondo, zigongono zikhale zopinda, malizani buleki musanalowe, maso ayang'ane kotulukira. Ambiri amapeza kuti gawo lina la kulemera kuja linali m'mikono mwawo.

Mukachotsa makilogalamu anuwo, yezaninso sag, chifukwa zambiri zachoka kumbuyo ndipo njinga ikhala mosiyana ndi kale. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, n'kukachiyesa pa chigawo chimodzi cha msewu chimene mumachidziwa bwino, monga makona a msewu wa ku Thyolo kupitirira Bvumbwe m'mawa kusanadzaze anthu, pa liwiro limene mungaimire chilichonse chikatulukira. Ngati zonse zili bwino koma mukufunabe kuti izikhota msanga, makanika angakwezere mafoloko m'zogwira zake ndi mamilimita 3 mpaka 5 kuti mphuno itsike pang'ono. Osapitirira pamenepo pa misewu ya mabampu ngati yathu, ndipo mahandulo akangoyamba kugwedezeka okha potuluka m'kona kapena podutsa bampu, abwezereni pomwe anali tsiku lomwelo. Zonse zimene mwamasula muzisunge m'katoni pamodzi ndi mabawuti ake, chifukwa zida za F3 n'zosowa kuno, ndipo wodzagula njingayo adzazifunsa.